Manja Amene Nkhani Ipitamo Isanafike kwa Anthu

Mu Januwale 2015 madzi a Shire ndi Ruo anazinga Makhanga, ndipo anthu ambiri a ku Nsanje ndi ku Chikwawa anataya nyumba ndi minda yao. Dziko lonse linamva za tsokalo. Kodi mbiri yotere iyenda bwanji kuchokera kutsidya kwa mtsinje, kumene ngakhale mseu waduka, kufikira m'khutu la munthu wa ku Mzuzu? Ipita m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse likhoza kuikulitsa, kuichepetsa kapena kuikwirira.

Dzanja loyamba ndi la mtolankhani. Pa boma lililonse pali ofesi ya zofalitsa nkhani imene itumiza zolemba zake ku Malawi News Agency, ndipo nyuzipepala ndi mawailesi atapa pamenepo. Makampani akulu ali ndi atolankhani aoao, koma ambiri a iwo akhala m'mizinda. Kumadera akutali kawirikawiri adalira mtolankhani waganyu, amene alipidwa pa nkhani yokhayo yatuluka. Nkhani ikakanidwa, ndalama ya kabaza ndi ya bwato yapita pachabe.

Apa ndi pamene pamera bvuto la chimpondamthengo. Kale mau awa anali a mphatso ya sing'anga asanapite kuthengo kukakumba mankhwala. Masiku ano atolankhani atchula motero ndalama imene woitanitsa msonkhano awapatsa. Ena ati ndi yoyendera chabe. Koma wodya nsima ya mwini sachedwa kuiwala mafunso obvuta. Chifukwa chake msonkhano wopereka matumba a ufa umveka msanga, pamene mudzi umene matumbawo sanafikeko ukhala chete. Mlandu suli pa mtolankhani yekha ai. Uli ndithu pa kampani imene imtuma osampatsa kamba wa panjira.

Nkhani ikafika ku Blantyre ilowa m'manja mwa mkonzi wa nkhani. Iyeyu ndiye agawa nchito m'mawa, nafunsa kuti: Waona ndani? Winayo wamfunsa kodi? Pambuyo pake wina aidula kuti ikwane pa tsamba, naipatsa mutu. Awerengi adziwe kuti mutu kawirikawiri salemba ndi mtolankhani; ambiri atukwanidwa chifukwa cha mau amene sanalembe. Pamwamba pa onsewa pali mkonzi wamkulu, amene ayankha mlandu nyuzipepala ikanamizira munthu. Usiku makina asindikiza, ndipo m'bandakucha galimoto zinyamuka ndi mitolo. Ku wailesi njira ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa osindikiza pali wokonza pologalamu, muulutsi ndi amisiri osamala makina otumiza mau.

Tsono nyumba ya nkhani ili ndi chipinda china chimene womvera sachiona: cha otsatsa malonda, osunga ndalama ndi eni kampani. Mtengo wa nyuzipepala sukwanira kulipira pepala, inki ndi anchito. Ndalama zambiri zichokera kwa olengeza malonda, ndipo olengeza akulu ndiwo Boma, mabanki ndi makampani a foni. Mkonzi wabwino atseka khomo pakati pa zipinda ziwirizi, kuti wolipira malonda asalamule nkhani. Khomolo silitsekeka nthawi zonse.

Mbiri ya dziko lino ionetsa mphamvu ya mwini. Daily Times inachokera ku nyuzipepala ya azungu olima yochedwa Central African Planter, ya mu 1895. Malawi News inayamba mu 1959 ngati liu la chipani cha Malawi Congress, mkonzi wake ali Aleke Banda. Pa nthawi ya chipani chimodzi zonse ziwiri zinali pansi pa ulamuliro wa Dr Banda, ndipo MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inali wailesi yokhayo m'dziko. Kalata ya Aepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a Ansembe a Montfort, amene sanali m'dzanja la Boma. Patapita masiku owerengeka anthu anayatsa moto nyumba ya makinawo. Mu 1993 Aleke Banda yemweyo anayambitsa The Nation.

Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA, limene lipereka zilolezo za mawailesi. Ilipo wailesi ya dziko, ndiyo MBC, imene ilandira thandizo la ndalama za msonkho. Alipo a malonda, monga Zodiak imene inayamba mu 2005. Alipo a mipingo, monga Radio Maria Malawi ya ku Mangochi. Ndipo alipo a m'madera, monga Nyathepa ndi Gaka m'boma la Nsanje.

Wailesi ya m'dera ndiyo iyenera kuyang'anitsitsidwa ndi anthu a m'Chigwa. Mwa lamulo siyenera kukhala malonda a munthu mmodzi: iyendetsedwa ndi komiti yoimira anthu a deralo, ndipo phindu likapezeka libwerera ku nchito ya wailesiyo. Ubwino wake ndi kufupika kwa njira. Chenjezo la madzi silikwera phiri kupita ku Blantyre ndi kutsikanso. Lichoka pa mtsinje nkulowa m'nyumba, m'Chisena kapena m'Chimang'anja. Kufooka kwake ndi umphawi. Aulutsi ambiri ndi odzipereka, ndipo magetsi akazima, monga anachitira mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, wailesi yopanda jenereta kapena sola ikhala duu pa tsiku lenileni limene anthu aifuna.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchitoyi akhoza kuphunzira ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Ambiri ayamba pafupi, pa wailesi ya kwao, powerenga mauthenga a maliro ndi mitengo ya thonje. Akatekisi akamamlangiza wotere asambisire kuti malipiro ake ndi ochepa. Ndipo mkhristu amene nyuzipepala kapena wailesi yamnenera bodza ayambe wapempha mkonzi kuti akonze cholakwacho poyera. Mkonzi akakana, dandaulo lipita ku Media Council of Malawi.