Phunziro: Mbiri ya anthu imasintha bwanji?

Mukachoka pa Wenela n'kulowera msewu wa ku Chileka, muona tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels. Lero ambiri amatchula mwaulemu amishoni a ku Scotland amene anayambitsa tchalitchichi. Kale ena sankawanena choncho.

Amishoniwa anafika mu 1876. Henry Henderson ndiye anasankha malowo, m'dera la mfumu Kapeni. Anawatcha Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone.

Zaka zoyamba zinali zoipa. Amishoni ankaweruza milandu ngati mafumu. Oganiziridwa kuti aba ankakwapulidwa, ndipo munthu wina amene ankati wapha mnzake anawomberedwa. Mlendo wa ku Australia, Andrew Chirnside, analemba zimenezi m'kabuku mu 1880. Nkhani inawanda ku Britain, ndipo m'busa wa pamishonipo, Duff Macdonald, anachotsedwa ntchito.

Mu 1881 kunabwera David Clement Scott. Uyu anaphunzira Chimang'anja mpaka anatulutsa dikishonale mu 1892. Anapatsanso anthu akuda maudindo mu mpingo. Azungu ena a m'maesiteti sanakondwere, ankati amishoni akupatsa anthu matama. Onani: mishoni yomwe ija inatchedwa yankhanza, tsopano ankaidandaula kuti ikukonda anthu akuda mopyola muyeso.

Mu 1959, pa nthawi ya Chitaganya, mpingo wa Church of Scotland unayankhulira anthu a ku Nyasaland. Apa mbiri yabwino inakhazikika.

Ndiye mbiri imayenda motere. Choyamba, wonena amanena malinga ndi pamene waima. Mlendo, mwini esiteti ndi mkhristu wa pamishoni sankaona zofanana. Chachiwiri, cholembedwa chimakhalitsa kuposa chonenedwa pakamwa. Koma champhamvu koposa ndi chimene maso akuonabe. Tchalitchi chija, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chilipo. Zipsera za zikoti zinapita ndi eni ake kumanda. Dzina la Henderson lili pa sukulu ya HHI ndi pa msewu wina m'tauni. Amene anaumba njerwa ndi kuziwotcha anali makolo athu, koma ndi angati amene timawadziwa mayina?

Kambiranani:
1. N'chifukwa chiyani Duff Macdonald anachotsedwa?
2. Kwanu, mbiri ya mudzi amafotokoza ndani? Nanga ndani amene satchulidwa?