Kutsitsimutsa Kapena Kubera? Phunziro Lochokera ku Gulu la Greta Van Fleet

Chiyambi

M'nkhani ino ndikufuna kukambapo za gulu loyimba la ku America lotchedwa Greta Van Fleet, lomwe linatchuka chifukwa choyimba chamba cha rock monga ankayimbira akatswiri a m'zaka za m'ma 1970. Cholinga changa ndi kuyankha funso ili: kodi wachinyamata akatola luso la akuluakulu n'kuyamba kuligwiritsa ntchito, tinene kuti watsitsimutsa lusolo kapena wangobera? Funsoli silikhudza oyimba okha. Limatikhudzanso ife amene tikuphunzira kulemba, pakuti tonse timayamba ndi kutsanzira alembi amene tinawawerenga.

Mbiri ya gululi

Gululi linayamba m'chaka cha 2012 ku Frankenmuth, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Michigan. Atatu mwa anyamata ake ndi a bere limodzi, a banja la Kiszka. Josh ndiye amatsogolera nyimbo, Jake, yemwe ndi mapasa ndi Josh, amaliza gitala, ndipo mng'ono wawo Sam amaliza gitala ya besi ndi kiyibodi. Wachinayi ndi Danny Wagner, woyimba ng'oma, amene analowa m'gululi mu 2013.

Mu 2017 nyimbo yawo ya "Highway Tune" inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za rock wa magazini ya Billboard. Chimbale cha "From the Fires", chomwe chinatuluka chaka chomwecho, chinapata mphoto ya Grammy mu 2019. Kenaka anatulutsa "Anthem of the Peaceful Army" mu 2018, "The Battle at Garden's Gate" mu 2021 ndi "Starcatcher" mu 2023.

Zomwe zimakumbutsa zakale

Ndikamvetsera nyimbo zawo zoyambirira ndimapezamo zinthu zitatu. Choyamba ndi gitala. Nyimbo imamangidwa pa kachigawo kafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa, komwe oyimba amakatcha riff, ndipo mawu a gitalayo amatuluka okhakhala chifukwa chokuzira mawu chimatsegulidwa kwambiri. Jake amadziwika ndi gitala ya Gibson yopangidwa mu 1961, chida chomwe ndi chachikulu msinkhu kuposa iye mwini.

Chachiwiri ndi ng'oma. Nyimbo zambiri zamakono zimayendera ng'oma zopangidwa pa kompyuta, zomwe siziphonya ngakhale pang'ono. Ng'oma za gululi zimamenyedwa ndi manja a munthu, choncho zimapuma, zimathamanga ndi kubwerera monga mmene woyimbayo akumvera.

Chachitatu ndi mawu a Josh. Amayimba mokweza, ndi mawu opyapyala koma amphamvu, moti anthu ambiri atamumva koyamba ankayesa kuti ndi Robert Plant wa gulu la Led Zeppelin. Gulu limenelo linayamba ku London mu 1968 ndipo linatha mu 1980 atamwalira woyimba ng'oma wawo John Bonham.

Mtsutso umene unabuka

Kufanana kumeneku ndiko kunadzetsa mpungwepungwe. Mu 2018 magazini ya pa intaneti ya Pitchfork inapatsa chimbale cha "Anthem of the Peaceful Army" malikisi 1.6 pa 10. Odzudzula ankati anyamatawa avala malaya a eni ndipo alibe chawochawo. Oikira kumbuyo gululi ankati achinyamata ambiri sakanamva kukoma kwa gitala, ng'oma ndi mawu a munthu zopanda zokometsera pakanapanda anyamatawa.

Musanagamule mlanduwu, tiyeni tione kumene Led Zeppelin inatapa luso lake. Gululo linamwa pa chitsime cha chamba cha blues cha anthu akuda a ku America. Nyimbo yawo ya "When the Levee Breaks" ya mu 1971 inachokera ku nyimbo yomwe Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy anajambula mu 1929. Iwo anaisintha kotheratu, n'kuiikira ng'oma zolemera zomwe anazijambulira m'munsi mwa masitepe a nyumba ya Headley Grange kuti zimveke ngati bingu. Dzina la Memphis Minnie analilemba pa chimbale. Koma pa nyimbo ya "Whole Lotta Love" ya mu 1969 sanatchule Willie Dixon, mlembi wa "You Need Love", mpaka iye anakasuma mu 1985 ndipo nkhaniyo anaithetsa kunja kwa khoti.

Maganizo anga

Kuchokera pa zitsanzozi ndikuona kuti pali miyeso iwiri. Muyeso woyamba ndi woti wotapa luso avomereze mwini wake. Wachiwiri ndi woti awonjezerepo chake. Led Zeppelin inapambana pa muyeso wachiwiri, koma nthawi zina inagwa pa woyamba. Greta Van Fleet imapeka nyimbo zakezake, kotero kuitcha yakuba n'kuilakwira. Pomwe inaperewera poyamba ndi pa muyeso wachiwiri: inatenga kamvekedwe ka akuluakulu osasinthapo zambiri.

Komabe anyamatawa sanaime pamodzimodzi. Mu chimbale cha 2021 muli nyimbo zazitali, zina zokhala ndi zeze wachizungu ndi kiyibodi yambiri, ndipo yomaliza, "The Weight of Dreams", imatenga mphindi pafupifupi 9. Apa ndimamva gulu lomwe layamba kufunafuna njira yake, ngakhale kuti fungo la zaka za m'ma 1970 likadalipo.

Mathero

Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo nyimbo zawo n'chimodzimodzi. Kubwerera kwa akale si mlandu. Mlandu ndi kubisa kumene watapa, kapena kukhazikika pa kutsanzira mpaka kukalamba. Kwa ife ophunzira phunziro lake ndi ili: polemba chimangirizo, ndakatulo kapena nkhani yaifupi, titchule amene tatengako nzeru, ndipo tidzifunse chomwe tawonjezerapo. Ngati yankho ndi loti palibe, ntchitoyo isanapite kwa aphunzitsi tiibwerezenso.