Lendi ya Mphwake, Alipire Ndi Malume?

Kalata yoyamba pa pulogalamu ina ya mafunso ndi mayankho a zamalamulo inachokera ku Liwonde, m'boma la Machinga. Bambo wina anadandaula kuti mwana wa mlongo wake anatulutsidwa m'nyumba atalephera kulipira lendi, ndipo eni nyumba tsopano sakuchoka pakhomo pa iyeyo. Akuti iye ndi mwinimbumba, ndiye abweze.

Loya amene anali mu situdiyo anayankha ndi funso: "Bambo, kodi munasayinapo pepala lililonse?"

Anafotokoza kuti lendi ndi pangano la anthu awiri, mwini nyumba ndi wokhalamo. Pa mwambo wa Ayao ndi Amang'anja malume amaimadi pa milandu ya mbumba yake, ndipo akafuna kulipira pofuna kusunga ulemu wa banja palibe angamuletse. Koma khoti silikakamiza munthu kubweza ngongole chifukwa cha magazi.

Pamene ambiri amagwa, anatero loyayo, ndi pa siginecha. Wosayina ngati mboni amangotsimikiza kuti anaona awiriwo akugwirizana, basi. Wosayina kuti adzalipira mnzake akalephera wadzimanga yekha, ndipo eni nyumba akhoza kumusumira. Mapangano ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo anthu amadinda chala pamene awalozera osafunsa. Apa loyayo anachedwapo ndithu, ndipo anachita bwino, chifukwa mizere iwiriyo, wa mboni ndi wa wolonjeza kulipira, imakhala moyandikana papepala.

Kalata yachiwiri inali ya mayi wa ku Balaka. Mwamuna wake anapita ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a m'deralo, n'kusiya ngongole ya nyumba. Mayiyo anatulutsidwa, ndipo eni nyumba akumuopseza kuti amumangitsa ndi kukatenga makina ake osokera kwa makolo ake kumene wabwerera.

"Mayi, mtima m'malo," anatero loyayo. Ngongole ya lendi si mlandu wa kupolisi. Mwini nyumba ayenera kukasuma ku khoti la majisitireti, ndipo wosumiridwa ndi amene anapangana naye. Kukalanda katundu pakhomo pa ena ndi manja ake n'kulakwira lamulo. Anawalangiza mayiwo kupita ku Legal Aid Bureau, yomwe imathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya.

Za wochita lendi amene wamwalira anangodutsamo mwachidule: ngongole imachotsedwa pa chuma cha masiye, chomwe chimayendetsedwa ndi lamulo la 2011, osati m'thumba mwa ana kapena wamasiye.

Eni nyumba nawo sanawaiwale. Ndalama yawo siifa chifukwa munthu wasamuka, ndipo lamulo limawapatsa zaka 6 zoti akasume. Anawauza kuti azisunga malisiti ndi mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba, chifukwa majisitireti adzafuna kuona mwezi umene malipiro analekera.