Malipiro okwera ku Lilongwe, banja latsala ku Blantyre

FUNSO

Alangizi, ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Makata, komwe ndimalandira K600,000 pa mwezi asanadule msonkho. Tsopano ndapeza ntchito ina ku City Centre ku Lilongwe ya K850,000. Anzanga ena akuti ku Lilongwe nyumba n'zodula koma chakudya n'chotchipa, ena akuti zonse n'chimodzimodzi. Mayi a kunyumba ali ndi benchi ya kaunjika pamsika, ndipo mwana wathu woyamba ali mu Sitandade 8, choncho iwo atsala kaye kuno mpaka zinthu zikhazikike. Ndithandizeni, pakati pa Blantyre ndi Lilongwe moyo wotchipa uli kuti?

Bambo wa ku Chirimba

YANKHO

Bambo, funso la mzinda wotchipa limandipeza mwezi ndi mwezi, ndipo sindichedwa nalo. Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi nkhani imene mwangoiponya pakati ngati yosafunika, yakuti akunyumba ndi ana atsala ku Chirimba. Ngati zili choncho, lendi ya ku Chirimba ikhalapobe, sukulu ya ana ikhalapobe, thumba la ufa likhalapobe, ndipo pamwamba pa zonsezo mukukatsegula khomo lina ku Lilongwe. Masamu oyenera kuchita ndi a khomo limodzi poyerekeza ndi makomo awiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tiyambe ndi K250,000 imene yakukopaniyo. Siyonse idzafike m'thumba mwanu, ndipo inu owerengera ndalama mukudziwa zimenezi kuposa ine. Pa malipiro a msinkhu wanu, msonkho wa PAYE umatenga K30 pa K100 iliyonse yowonjezera, penshoni n'kutenganso K5 monga lamulo likunenera. Zotsala ndi pafupifupi K160,000. Khomo lanu lonse la ku Lilongwe liyenera kukwana mu ndalama imeneyi, apo ayi mukhala mukudya za ana.

Choyamba ndi nyumba. Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowe, ndipo dobadoba amene wakuonetsani nyumbayo amafunanso yake. Ndalama zimenezi zimafunika malipiro oyamba asanatuluke. Bedi, mapoto, mbaula ndi ndowa zonse zili ku Chirimba zikugwira ntchito, ndiye mugula zina. Mudzalipira mayunitsi a magetsi kawiri, madzi kawiri, makala kawiri. Musadzinamize kuti munthu mmodzi amadya pang'ono. Amadyadi pang'ono, koma amagula modula. Banja limagula chimanga cha thumba n'kupita nacho kuchigayo, pomwe mwamuna wokhala yekha amagula ufa wa walkman, mafuta oyeza ndi tomato wa mulu umodzi. Akaweruka atatopa, moto sakoleza n'komwe, amangopita pa chiimirire kapena pa chiwaya cha tchipisi.

Chachiwiri ndi mayendedwe, ndipo apa ndi pamene anthu a ku Blantyre amagwa kawirikawiri. Kuchokera ku Chirimba kupita ku Makata ndi minibasi imodzi, ndipo tsiku limene m'thumba mwauma mutha kuyenda wapansi. Lilongwe sanamangidwe choncho. Pamene likulu linkachoka ku Zomba mu 1975, mzindawu anaukonza motayana: maofesi a boma ku Capital Hill ndi City Centre, misika ndi depoti ku Old Town, mafakitale ku Kanengo, anthu ogwira ntchito uko ku Area 25, Area 49, Kawale, Area 23, Area 36 ndi Chinsapo. Maminibasi ambiri amathira ku depoti ya m'tauni, pomwe inu ntchito yanu ili ku City Centre. Wokhala ku Area 25 amatsika pa Area 18 n'kukwera Sienta kapena kabaza. Wokhala ku Chinsapo amayamba wafika m'tauni kenako n'kukwera ina. Kukwera kanayi pa tsiku, masiku 22 pa mwezi. Nyumba imene ikuoneka yotchipa chifukwa ili kutali imakulipiritsani zotsalazo kudzera kwa kondakitala. Lendi ndi thiransipoti muziziwerengera limodzi nthawi zonse.

Chachitatu ndi msewu wa M1. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita opitirira 300. Mwina mukuganiza zopita kunyumba kamodzi pa mwezi, malipiro akatuluka. Nanga mwana akagonekedwa kuchipatala? Nanga maliro a kuchimuna kapena a kuchikazi? Maulendo amenewa sapangana ndi tsiku la malipiro. Mafuta a galimoto akasowa, mitengo ya mabasi imakwera tsiku lomwelo. Mukadzakhala ndi galimoto yanu, kumbukiraninso kuti pali malo awiri olipirira msewu, pa Kalinyeke ku Dedza ndi pa Chingeni, popita ndi pobwera pomwe. Ndipo palibe bambo amene amafika pakhomo chimanjamanja. Basi ikaima pa Lizulu, mbatatesi ndi kabichi zimalowa pawindo.

Mukuti atsala mpaka zinthu zikhazikike. Tsiku lake ndi liti? Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 ku Chirimba, kawirikawiri amasankhidwira ku sekondale ya dera lomwelo. Kumusamutsa kumafuna kalata komanso malo ku sukulu ya ku Lilongwe, ndipo malowo sapezeka msanga. Akapanda kupezeka, mudzasankha pakati pa sukulu yolipira ndi kumusiya mwana kwa achibale. Mabanja ambiri amasankha kudikira chaka china, kenako wachiwiri naye wafika mu Sitandade 8.

Za benchi ya kaunjika mwangotchula modutsa, osanena kuti imabweretsa zingati. Amuna ambiri amene amandilembera sadziwa, ndipo zimandiwawa. Kawafunseni mayi usiku uno. Mudzapeza kuti ndiwo, sopo, makala ndi ndalama ya mwana yodyera kusukulu zimachokera pa benchi imeneyo. Geni yotere siisamuka pa lole limodzi ndi mipando. Mayiwo ali ndi makasitomala amene amawadziwa, ali ndi amene amawapatsa belo pa ngongole, ali m'banki m'khonde momwe anzawo amawakhulupirira. Ku Lilongwe akayamba ngati mlendo, kufunafuna malo pamsika pomwe ena anakhazikika kale. Choncho akatsala mukulipira makomo awiri, akabwera mwataya ndalama ya benchi kwa miyezi ingapo. Njira zonse ziwiri zili ndi mtengo, ndipo palibe imene mwaiwerengera.

Bambo wina anabwera ku ofesi kwanga atanyamula envelopu ya khaki yodzaza timapepala ta ngongole. Iye anachoka ku Bangwe kupita ku Lilongwe ndi chimwemwe chonga chanuchi, malipiro atakwera ndithu. Anapeza chipinda chimodzi ku Area 49, matiresi pansi, zovala zili m'sutikesi momwe anabwerera nazo, poti ankati akungodikira banja. Ndalama ya lendi ya miyezi itatu anaitenga kwa wakatapila. Mwezi wotsatira apongozi anamwalira, anakwera basi ndi ndalama ya katapila wina. Pofika kwa ine, khadi lake la ku banki linali m'manja mwa wobwereketsa, amene ankayamba watapa zake tsiku la malipiro n'kumupatsa zotsala. Kunyumba ankatumiza zochepa kuposa zimene ankasiya pa tebulo ali ku Blantyre, ndipo mayi a ana ake sanakhulupirire kuti munthu wolandira zambiri angatumize zochepa. Anaganiza kuti kuli mkazi wina. Panthawiyo kunalibe, koma mkangano utakula ndipo bamboyo atasiya kupita kwawo, anadzapezekadi. Nkhani inathera kwa ankhoswe. Ine si mlangizi wa mabanja, koma ndaona mokwanira kuti ndinene mosabisa: kukhala motalikirana popanda tsiku lodziwika lokumananso kumawononga ndalama ndi banja pamodzi.

Chenjezo lina ndi la ntchito yatsopanoyo. Werengani kalata yake bwinobwino. Lamulo la ntchito la dziko lino limalola nthawi yoyesedwa mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo abwana atha kuthetsa ntchito popanda notisi. Komanso mukasiya nokha ntchito ya ku Makata simulandira ndalama ya severance, ndipo zaka zimene mwagwira kumeneko sizikutsatirani. Musalembe kalata yosiya ntchito musanagwire m'manja kalata yosainidwa ya uko.

Tsopano funso lanu lija, mwachidule. Nyumba yofanana, pa mtunda wofanana ndi kuntchito, kawirikawiri imadula ku Lilongwe, chifukwa boma, akazembe ndi mabungwe ambiri ali kumeneko ndipo mzinda ukukula msanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Chimanga, nyemba ndi mtedza zimakonda kutsikirako mtengo ku Lilongwe poti wazunguliridwa ndi minda ya ku Mitundu, Mchinji ndi Dowa, pomwe kum'mwera chimanga chimakwera msanga. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi magetsi sizisiyana kwenikweni. Bungwe la Centre for Social Concern, lomwe lili ku Kanengo, limatulutsa mitengo ya zinthu zofunika pa banja la anthu 6 m'mizinda yathu. Pezani lipoti lawo latsopano. Mitengo imene anzanu akukuuzani musaidalire ngati anasamuka kale, chifukwa kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo lendi ya nthawi imeneyo kulibenso.

Chitani izi. Tengani pepala muligawe patatu: moyo wa lero ku Chirimba, moyo wa makomo awiri, ndi moyo wa banja lonse ku Lilongwe popanda benchi. Mulembe muli limodzi ndi mayi, chifukwa mitengo ya pamsika amaidziwa ndi iwo. Kenako pemphani tchuthi cha masiku awiri mupite ku Lilongwe pakati pa sabata. Mukaone nyumba ndi maso anu, mufunse oyandikana nawo ngati madzi amatuluka, ndipo m'mawa mukwere minibasi kuchokera pamenepo mpaka ku City Centre kuti muone ndalama ndi nthawi imene zikutha. Musatumize ndalama pa foni kwa dobadoba chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook. Abwana atsopanowo muwapemphe ndalama yosamukira ndi ya nyumba, ndipo zimene avomera zilembedwe m'kalata. Nthawi yopempha ndi ino, musanasaine.

Maganizo anga ndi awa. Ngati ntchitoyo ili ndi tsogolo looneka, monga kukwezedwa kapena maphunziro, pitani, koma mugwirizane ndi mayi mwezi weniweni umene banja lidzasamuke, ndipo mukhale ndi ndalama ya lendi ya miyezi itatu yanuyanu, yosabwereka. Ngati chokukokani ndi K250,000 yokhayo, khalani ku Chirimba, mutenge kalata ya ku Lilongweyo mukaonetse abwana anu ku Makata, mupemphe kuti akuwonjezereni malipiro.