Mwana Aphunzire ndi Mutu, Thupi ndi Mtima

Amayi anzanga, mwana akafika Fomu 3 kapena Fomu 4, ambiri a ife timayamba kumuchotsera zinthu. Kwaya aleke kaye, mpira wa manja aleke kaye, ku YCS asapitenso, angogwira makope mpaka alembe mayeso a MSCE. Timachita zimenezi chifukwa cha chikondi, pakuti tikudziwa mmene fizi imavutira kupeza ndiponso mmene malo a ku koleji alili ochepa. Phunziro la mwezi uno likutifunsa ngati zimene timachotsazo sizili mbali ya maphunziro enieniwo. Tiona kaye mmene sukulu zina zimachitira pa nkhaniyi, kenako tikambirane zimene tingathe ife, m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, ku Chisenga ndi madera ena a boma la Chitipa.

Dipuloma imene sapereka kwa wodziwa mabuku okha

Pali maphunziro a sekondale otchedwa International Baccalaureate, mwachidule IB. Bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1968 ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ndipo lero sukulu za m'maiko ambiri zimawatsata. Kuno kwathu amapezeka pa sukulu ya Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Ophunzira a zaka 16 mpaka 19 amatenga maphunziro 6 kwa zaka ziwiri, ndipo wokhoza koposa amapeza mapointi 45, pakuti kumeneko, mosiyana ndi pa MSCE, mapointi ochuluka ndiwo abwino.

Pambali pa za m'kalasi pali gawo lotchedwa CAS. Zilembo zitatuzi zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza luso, kulimbitsa thupi ndi kutumikira anthu. Wophunzira amachita zitatuzi mosalekeza kwa miyezi 18. Amafunikanso kugwirizana ndi anzake pa ntchito imodzi yotenga mwezi wathunthu kapena kupitirira, yoganiza ndi kukonza okha. Pa kutumikirako salandira malipiro. Amasunga umboni wa zimene wachita, amalemba zimene waphunzirapo, ndipo amakumana katatu ndi mphunzitsi womuyang'anira kuti akambirane mmene zikuyendera. CAS ilibe mapointi, koma wosaimaliza dipuloma sailandira, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi.

Mwa amene anafesa maganizo amenewa muli mphunzitsi wa ku Germany, Kurt Hahn, yemwe ankaona kuti wachinyamata amakhwima akadziwa kuti anthu ena akumudalira. Pa sukulu ya Atlantic College, imene iye anathandiza kuyambitsa ku Wales mu 1962, ophunzira ankaphunzira kupulumutsa anthu panyanja ndipo ankawapulumutsadi.

Ana athu a ku CDSS salemba IB, ndipo satifiketi ya MSCE sifunsa ngati mwana anaimba, anathamanga kapena anathandizapo munthu. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira Sabata la Achinyamata, pamene ana a sukulu ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kuthandiza okalamba. Ntchito inkaoneka, koma linali sabata limodzi pachaka ndipo zochita zinkachokera kwa akuluakulu. Chimene tingatengere ku CAS n'chakuti ntchitoyo ikhale yopitirira, mwana asankhe yekha, ndipo pakhale wamkulu womufunsa zimene waphunzira. Zimenezi sizifuna ndalama za ku Lilongwe. Gulu la amayi ndi mphakati zingathe.

Luso

Luso ndi pamene mwana apanga chinthu chimene panalibe, kaya ndi nyimbo, sewero, chovala, chithunzi kapena chipangizo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002. Ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, atawerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono. Anthu ambiri ankamuona ngati wopenga. Tidzifunse kuti ndi ana angati a m'makomo mwathu amene tinawakalipira kuti akutaya nthawi pamene ankalumikiza mawaya kapena kujambula kumapeto kwa kope.

Luso lina lili pakhomo pathu pomwe. Gule wa mwinoghe, wa Asukwa, Andali ndi Abandya a m'boma lino, bungwe la UNESCO linamulemba mu 2018 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Mtsikana wophunzira kuvina kapena mnyamata wophunzira kuimba ng'oma zake akusunga chinthu cha mtengo wapatali. Wina angalembe nthano za agogo ake m'Chilambya, m'Chinyika kapena m'Chitumbuka zisanatayike. Ena angaphunzire kusoka mapadi ochapa, kuumba mbaula zosatha nkhuni kapena kukonza sewero lophunzitsa za malungo.

Kwa ife a zaumoyo, phindu lake ndi la m'maganizo. Wachinyamata amasenza nkhawa zambiri, za mayeso, za fizi, za chibwenzi, ndipo ambiri sanena. Amene ali ndi kwaya kapena gulu la sewero amakhala ndi potulutsira zakukhosi, komanso anzake omuzindikira msanga akayamba kudzipatula. Masiku ano, pamene tikumva kawirikawiri za achinyamata odzipha, tisapeputse zimenezi.

Kulimbitsa thupi

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse, zoti mtima ugunde mofulumira ndipo apume mwamphamvu. Masiku atatu pa sabata zikhale zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kuthamanga ndi kulumpha. Kafukufuku amene bungweli linatulutsa mu 2019 anapeza kuti achinyamata 81 mwa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 padziko lonse safika pa muyezo umenewu, ndipo atsikana ndiwo otsalira kwambiri.

Wina anena kuti, “Wanga amatunga madzi, amalima, amayenda mtunda wautali kupita kusukulu. Masewera ena a chiyani?” N'zoona, kuyenda ndi kulima ndi kulimbitsa thupi ndithu. Koma taganizirani zinthu ziwiri. Choyamba, mwana wogonera kusukulu kapena wochita lendi pafupi ndi sukulu amatha tsiku lonse ali pa desiki, makamaka mayeso akayandikira. Chachiwiri, kusenza ndowa ndi mitolo yolemera pamutu tsiku ndi tsiku kumatopetsa khosi ndi msana, ndipo sikumupatsa mtsikana chimene mpira umapereka: kuseka, kudalirana ndi anzake, kuphunzira kugonja osataya mtima. Madzulo anyamata ali ku bwalo la mpira, mlongo wawo ali pa moto. Tigawe ntchito zapakhomo kuti naye apeze ola lake.

Monga mzamba ndikuuzani kuti zaka za unamwali ndi zimene mafupa amakula ndi kulimba kwambiri, ndipo thupi limene mtsikana akumanga lero ndi lomwe lidzanyamule pakati akadzakula. Mtsikana amene ali kumwezi angathe kusewera, ndipo kwa ambiri kuyenda ndi kuthamanga pang'ono kumachepetsa kupweteka kwa m'mimba. Chimene chimamuletsa kawirikawiri ndi kusowa chovala chodalirika ndi mantha oti anzake amuseka, ndipo zimenezo ife amayi tingazikonze. Koma ngati mwana amatopa msanga, amamva chizungulire, kapena zikhatho ndi m'maso mwayera, mupite naye kuchipatala akamuyeze magazi. Wodwala mphumu, khunyu kapena mtima ayambe waonana ndi a chipatala. Kuzolowera masewera ali wamng'ono kumatetezanso ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene tsopano afika ndi m'midzi momwe.

Kuopa kuti mpira uwononga mtsikana kusatitsekere maso. Tabitha ndi Temwa Chawinga anakulira ku Rumphi, kwa anansi athu, ndipo lero akusewera mpira wa miyendo m'matimu akuluakulu a kunja. Si mwana aliyense adzafike kumeneko, koma aliyense amawerenga bwino ndi kugona bwino thupi likagwira ntchito.

Kutumikira anthu

Apa tisamale, chifukwa m'dziko muno tikudziwa mbiri ya thangata. Kutumikira kumene tikunenaku si kumutenga mwana wa sukulu kuti akalime munda wa mkulu wa mpingo kwaulere. Ndi ntchito yoyankha vuto lenileni la m'mudzi, imene mwana waivomera yekha, yolingana ndi msinkhu wake, yosamujombetsa kusukulu. Ayambe wafunsa eni vutolo chimene akufuna. Gogo wina tingamusesere pabwalo pamene iye chimene akusowa ndi munthu womuperekeza kukalandira mankhwala.

Zoti achite zilipo zambiri. Wa Fomu 3 angamawerenge ndi ana a Sitandade 2 Loweruka lililonse. Gulu lingafese mbewu za mitengo, kuibzala m'nyengo yobzala mitengo ya pakati pa Disembala ndi Epulo, n'kuisamalira mpaka igwire. Mitsinje imene timamwa imachokera m'mapiri a Mafinga, ndipo ngakhale mtsinje waukulu wa Luangwa wa ku Zambia umayambira komweko, choncho woteteza nkhalango ya m'phiri akutumikira anthu amene sadzawaona. Ena angathandize alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo, kukonza malo ndi kuitana amayi. Amene akwanitsa zaka 16 ndipo ali ndi thanzi angapereke magazi a bungwe la MBTS akabwera kusukulu. Kutaya magazi pobereka ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amafera m'dziko muno, ndipo magazi ambiri amene timaika amayiwo amachokera kwa ana a sukulu.

Pakhale malamulo oteteza ana. Asapite yekhayekha kunyumba ya munthu, apite awiri kapena atatu pamodzi ndi mayi wa m'gulu lathu, masana. Asagwire magazi, mabala kapena zovala zoipitsidwa za wodwala, ndipo asapereke mankhwala. Kwa munthu wotsokomola nthawi yaitali achezere panja, n'kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo. Zimene waona m'nyumba ya wodwala asakazifalitse kumjigo kapena pa WhatsApp.

Ku sukulu ya unamwino kumene ndimaphunzitsa timalandira atsikana ndi anyamata a mapointi abwino. Akalowa mu wodi koyamba, kusiyana kumaoneka. Amene anazolowera kucheza ndi okalamba ndi kugwira ntchito pagulu amadziwa kupereka moni, kumvetsera ndi kudikira. Amene anangokhala ndi makope amadziwa dzina la matenda, koma amaima patali ndi bedi. Onse amaphunzira, koma wachiwiriyu amayamba ali ndi zaka 20 zimene akanayamba ali ndi 14. M'mera mpoyamba.

Zimene gulu lathu lingachite

Sankhani amayi awiri kapena atatu oyang'anira ntchitoyi, ndipo akaonane ndi bambo mfumu, aphunzitsi aakulu ndi mfumu ya m'mudzi. Itanani ana a sekondale a mu mphakati wanu, pamodzi ndi amene abereka n'kubwerera kusukulu ndi olumala, kuti aliyense atchule chinthu chimodzi cha luso, chimodzi cha thupi ndi chimodzi chotumikira. Maola awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira, ndipo sangagwetse mwana mayeso.

Mwana aliyense akhale ndi kope laling'ono lolembamo tsiku, chimene wachita, chimene chinamuvuta ndi chimene adzasinthe. Kamodzi pa teremu mayi womuyang'anira akhale naye pansi, amufunse ndi kumumvetsera, osamudzudzula. Gawo limeneli ndi losavuta kulidumpha, koma ndi limene limasandutsa ntchito kukhala phunziro. Pakutha pa chaka parishi ingamulembere kalata yonena zimene wachita, yoti adzaonetse pofunsira ntchito.

Muikepo mtima kwambiri pa miyezi imene a Fomu 4 amadikira zotsatira za mayeso. Nthawi imeneyo mwana alibe sukulu, alibe ntchito, ndipo ife a ku chipinda chochirira timaona zotsatira zake patapita miyezi 9. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma lamulo silingamupatse mtsikana chochita Lachiwiri masana. Timu ya mpira, kwaya ndi ana amene akumudikira kuti awawerengere zingathe kutero.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene tinaletsa ana athu chifukwa cha mayeso, ndipo zinawathandizadi?

2. Pakhomo panu, mtsikana ndi mnyamata amapeza nthawi yofanana yosewera? Ngati ayi, ndi ntchito iti imene ingagawidwe?

3. Tchulani mavuto awiri a m'mudzi mwanu amene ana a sekondale angathandizepo popanda kuika moyo wawo pachiswe.

4. Ndi amayi ati a m'gulu lathu amene ali ndi luso loti aphunzitse, ndipo ayamba tsiku liti?

Mayankho a funso lachitatu ndi lachinayi alembedwe m'buku la gulu, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa mlembi adzawerenge kuti tione zimene zachitika.