Kuyeserera kutchinga nkhonya ndi mwana pakhomo

Mwana akangoyamba karate amabwera kunyumba ali ndi phuma lofuna kumenya. Inu makolo yambani naye pa kutchinga. Mu Shotokan, karate yochokera kwa Gichin Funakoshi wa ku Okinawa amene anakaionetsa ku Tokyo mu 1922, kata (ndondomeko ya mayendedwe ochita kuloweza) ya Heian Shodan imayamba ndi kutchinga, kumenya kumabwera pambuyo.

Sesani pabwalo, mutole timiyala tonse chifukwa mwana akhala wopanda nsapato. Pindani tawulo likhale lalitali, ndipo muzimulozetsa nalo pang'onopang'ono m'malo mwa chibakera chanu.

Yambani ndi gedan barai, yoteteza kumunsi kwa mimba. Chibakera chinyamukire pakhutu la mbali inayo, chitsike mopingasa mpaka chiime pamwamba pa bondo lakutsogolo. Nthawi yomweyo dzanja linalo libwerere m'chiuno. Kubweza dzanjaku aphunzitsi amati hikite, ndipo ana amaiwala kawirikawiri, dzanjalo n'kumangolendewera. Chigongono asachiwongole mwamphamvu mpaka mapeto, chimadzapweteka.

Age uke imateteza nkhope. Mkono ukwere mopendekeka, uime pamwamba pa chipumi, pakati patsale mpata wokwana chibakera chimodzi. Akauimika pamaso penipeni wadziphimba yekha, nkhonya yachiwiri saiona. Soto uke ndi ya pachifuwa: mkono wopinda umachokera kunja kulowa m'kati.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana wazaka khumi sangaimitse nkhonya ya munthu wamkulu ndi mphamvu za mkono wake. Chimene akuphunzira ndi kuipatutsa kuti idutse pambali. N'chifukwa chake mkono umapotokola ukamafika kumapeto, chiuno chimatembenuka limodzi nawo, ndipo phazi limasuntha kuti thupi lichoke pamene nkhonya ikulunjika. Mukaona mapazi ali nji pamalo amodzi, mikono yokha ikuvina m'mwamba, muimitseni ayambirenso. Kwa ine, kubwereza kakhumi mosamala mbali iliyonse kumaposa kuthamanga nazo mpaka thukuta kamukamu.

Maso akhale pachifuwa panu, asamatsatire tawulo, ndipo asatsinzine. Liwiro muziwonjezera pokhapokha akasiya kuphethira tawulo likamayandikira.

Mateche asawatchinge ndi zala zotambasula, zimathyoka msanga. Afumbate chibakera kapena apatuke. Za mpeni musayeserere n'komwe pakhomo. Muuzeni mosapita m'mbali kuti akaona mpeni athawe uku akukuwa, alunjike kumene kuli anthu.