Kuunjikana kwa Malungo m'Midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka

Tikamva kuti malungo avuta ku Machinga kapena ku Balaka, timaganiza kuti boma lonse ladwala mofanana. Sizili choncho. Banja lokhala m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kapena m'madambo a Shire ku Liwonde, limalumidwa ndi udzudzu kuposa banja la kumtunda kouma. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles kawirikawiri supita kutali ndi pamene waswera, choncho matendawa amaunjikana m'midzi ina, ngakhalenso m'nyumba zina za mudzi umodzi.

Masamu akale ofotokoza kufala kwa malungo, amene anayambitsa Ronald Ross ndipo George Macdonald anawakuza m'zaka za m'ma 1950, ankatenga ngati udzudzu umaluma aliyense mofanana. Mu 1997, Mark Woolhouse ndi anzake anaonetsa kuti nthawi zambiri anthu 20 mwa 100 alionse ndiwo amadzetsa magawo 80 mwa 100 a kufala kwa matenda otere.

Tiyeni tiyerekeze. Pali anthu 10, ndipo udzudzu wawaluma ka 100. Mwa kagawidwe kofanana, aliyense walumidwa ka 10. Koma tinene kuti awiri ogona kufupi ndi dambo alumidwa ka 40 aliyense, ndipo asanu ndi atatu otsalawo agawana ka 20 kotsalako. Wolumidwa kwambiri amalandira tizilombo msanga, komanso ndiye amene amapatsira udzudzu wambiri. Pachifukwa ichi, m'masamuwa nambala ya munthu aliyense imachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Pa kagawidwe koyamba timapeza 1,000, pa kachiwiri 3,250. Udzudzu ndi womwewo, anthu ndi omwewo, koma mphamvu ya kufala yakula koposa katatu.

Ndiye kuti maneti ndi mankhwala opopera m'nyumba akaphonya awiri aja, ntchito yambiri yapita pachabe. N'chimodzimodzinso ndi katemera wa RTS,S, amene anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2019 m'maboma 11, kuphatikizapo awiriwa: amafunika kwambiri kumidzi ya m'madambo, kumene mwina njira imaduka m'dzinja.

Ine monga wophunzira za chiyankhulo ndimaonapo vuto lina. Masamuwa amadalira zimene zalembedwa m'kaundula wa kuchipatala. Pakamwa pa anthu, mawu oti "malungo" amatanthauzanso kutentha ndi kuphwanya kwa thupi kulikonse, n'chifukwa chake kuyeza magazi n'kofunika. Koma dzina la mudzi silingayezedwe ndi kachipangizo. Midzi yathu imatchedwa ndi mayina a mafumu, ndipo dzina limodzi lingapezeke m'madera a mafumu aakulu awiri. Dzina la Chiyao likalembedwa ndi munthu wozolowera Chichewa, limatha kutuluka m'malembedwe awiri kapena atatu. Kompyuta imawerenga midzi itatu yokhala ndi odwala ochepa, pamene ndi mudzi umodzi wa kudambo umene ana ake akudwala mwezi ndi mwezi.